Womaliza pa Mpikisano wa Makolo

Kamvuluvulu ankamanga zingwe za nsapato ali pakhonde, mwendo wakumanzere atauwongola chifukwa bondo lake silinkapindika bwino. Mwana wake wamkazi anaima pakhomo atavala kale yunifomu, nkhope ili ndwii.

"Amayi, mpikisano wa makolowu si wokakamiza. Mukhoza kungokhala pamthunzi n'kumaonerera."

"Ndikudziwa. Palibe wandikakamiza."

Dzina loti Kamvuluvulu anamupatsa ali mtsikana, nthawi imene ankathamanga mitunda italiitali n'kumabwera ndi zikho kunyumba. Kenako galimoto inamuwomba ali pa njinga, madokotala n'kumuika chitsulo m'mwendo. Kuyambira pamenepo ankayenda motsimphina, ndipo kwa zaka zambiri ankalambalala bwalo lililonse la masewera. Munthu akamuitana ndi dzina lakelo, iye ankaona ngati akumunyogodola.

Mwamuna wake anatuluka atanyamula botolo la madzi.

"Asiye amayi akowa," anauza mwanayo. "Kamvuluvulu anasanduka kamphepo kayaziyazi, komabe mphepo ndi mphepo."

"Inu khalani chete," mkaziyo anayankha akuseka. "Munthu woti mumathamanga pokhapokha mukamva kuti chakudya chapsa."

Mtsikana uja sanaseke nawo.

"Aphunzitsi anauza kalasi yonse kuti munali katswiri. Anzanga akudikira kuona katswiri. Akakuonani mukukoka mwendo, ine ndikalowa pati?"

Kamvuluvulu anasisita chipsera cha pabondo.

"Katswiriyo ndinamulira mokwanira, mwanangu. Madzi akatayika saoleka. Mwendo umene ndili nawo ndi uno, ndipo lero wadzuka bwino. Ndikufuna ndikauyendetse."

Kusukulu anthu anali atadzaza m'mbali mwa bwalo. Amayi othamanga anandanda pamzere wa laimu, ena opanda nsapato, ena atagwirira masiketi. Wezulo italira, onse anabalalika akukuwa ndi kuseka. Posakhalitsa Kamvuluvulu anatsala yekha kumbuyo. Anyamata ena anayamba kuyerekezera mayendedwe ake, anzawo n'kumagwa ndi phwete. Mwana wake anabisala kuseri kwa thanki ya madzi, misozi ili lengelenge.

Kamvuluvulu asanafike n'pakati pomwe, anzake onse anali atamaliza. Mphunzitsi wa chimkuzamawu analengeza mpikisano wotsatira, ana aang'ono n'kuyamba kulowa m'matumba awo odumphira. Anthu anatembenukira kumeneko, n'kumuiwala.

Iye sanaime. Mtsikana uja atasuzumira, anaona amayi ake akuzungulira kona yomaliza okhaokha. Mwendo unkakokeka ndithu, koma mutu unali chilili, mikono ikuyenda mwadongosolo, mpweya ukutuluka mwakachetechete. Sankayang'ana anthu. Ankamwetulira ngati munthu amene wakumana ndi mnzake wakalekale. Chibadwire, mwanayo anali asanaonepo nkhope yotereyi pa amayi ake.

Atafika pomalizira, chingwe anali atachotsa kale. Kamvuluvulu anaponda mzere wa laimu, n'kuwerama atagwira m'mawondo. Mwana wake anatuluka kuseri kuja, analanda botolo kwa bambo ake, n'kudutsa pakati pa bwalo anthu onse akuona.

"Mwakhala womaliza, amayi."

"Ndaona. Kunalibe wondipondera fumbi kumbuyo." Anamwa madzi, n'kupuma. "Kale ndikamathamanga ndinkangomvetsera mapazi a amene akundilondola. Lero ndamva mphepo m'makutu. Ndamva ndi mbalame zomwe. Zaka zonse zija sindinkadziwa kuti kubwalo kumakhala mbalame."

"Bondo silikuwawa?"

"Likuwawa. Likandiuza zonse madzulo."

Mtsikana wina wa m'kalasi mwa mwanayo anawayandikira, maso ali pa chipsera chija.

"Ndiye katswiri uja ndi ameneyu?"

"Ndi amayi anga," mwanayo anayankha, osaphethira. "M'mwendomu muli chitsulo. Iweyo ukanamaliza?"

Mnzakeyo anangoyang'ana pansi n'kuchokapo.

Pobwerera kunyumba anayenda pang'onopang'ono, bambo ali patsogolo akudzitama kuti iwo ndiwo anaphunzitsa mkazi wawoyo liwiro. Kamvuluvulu ananena kuti kuyambira mawa azidzuka m'mamawa kukathamanga mumsewu wa kuseri kwa nyumba, mpaka pamene mwendo udzanene kuti basi.

Mwana uja anachepetsa mapazi kuti afanane ndi a amayi ake.

"Mukamadzuka, mudzandigogodere," anatero.