Kuseri kwa Firiji

Ana anga anagwirizana kuti mutu wanga wayamba kusokonekera, choncho ndichoke m'nyumba mwanga ndikakhale kwa Wamkulu, mwana wanga woyamba wamwamuna. Umboni wawo unali kanema.

Anayambitsa zonsezi ndi wometa wa pansi pa nyumba yathu. Tsiku lina akundimeta anati, "Madala, mwamva kuti msewu wathu uno uli mu kanema? Shopu yanga ikuoneka yonse, ndi chikwangwani chomwe. Tiyeni mukaone, mwakhalitsa m'nyumba ngati kabati."

Sindinayankhe. Iye kusayankha kwanga amakutenga ngati kuvomera, ndiye Loweruka masana tinapita ku holo yoonetsera kanema.

Kanemayo ndi wa anyamata awiri apachibale, ochapa zovala, amene apha mwini nyumba yawo mwangozi, pomugwetsa pa masitepe, akukangana naye za mpopi wodontha. Mtembo aulowetsa mu firiji yakale kuti akautaye. Vuto n'loti aliyense wokumana nawo ndi munthu wabwino. Wina akuwathandiza kunyamula, wina akufuna kuigula firijiyo, wapolisi mpaka akuimitsa magalimoto kuti awoloke bwino. Anthu m'holomo ankaseka kenako n'kudzigwira pakamwa, ngati aseka pamaliro.

Chapakati, anyamatawo atula firiji pa msewu wathu kuti apume. Chitseko chitseguka, mkono utuluka. Wamng'ono amenyetsa chitseko, chala chiduka n'kugwera pansi, galu wodutsa achitola n'kuthawa nacho. Holo yonse inakuwa. Wometa anaseka mpaka kutsamwa. Mayi wina kutsogolo kwathu anaimirira, nati dziko latha, n'kutuluka akukoka mwamuna wake amene ankayenda chocheuka.

Ine galuyo sindinamuone. Kuseri kwa firiji kunkadutsa mkazi wanga.

Anamwalira chaka chatha. Kanemayo anajambulidwa asanayambe kudwala. Akuchokera kumsika, wapeza firiji yatseka njira, waima, wawayang'ana anyamatawo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, milomo yagwedera. Mawu sakumveka, koma ine ndinawamva: "Anthu opanda nzeru." Kenako walambalala, wapita. Kanthawi kochepa, kongokwanira kumeza malovu.

Tsikulo ndinalikumbuka. Anafika kunyumba akudandaula kuti zitsiru zina zatseka njira ndi firiji, anzawo angoima n'kumazijambula m'malo mozithandiza. Ine ndinati, "Mm."

Ndinabwererako Lolemba ndili ndekha. Kenako Lachitatu. Kenako kunangokhala ngati kuntchito.

Ana sindinawauze. Zithunzi za mayi awo anatenga zonse, anazikulitsa, anaziika m'mafelemu ndi m'mafoni, n'kuzizunguliza maluwa. M'zithunzizo akumwetulira ngati munthu amene sanakalipirepo aliyense. Mayi ameneyo ine sindimudziwa. Amene ndinakhala naye ndi wa kuseri kwa firiji uja. Ndikanawauza, Wamkulu akanamudula m'kanemamo, n'kumuikira nyimbo yachisoni, n'kumutumiza kwa abale onse mpaka kwa azakhali amene malemu sankawatsegulira chitseko.

Koma mtsikana wogulitsa matikiti anaphunzira limodzi ndi Mzime, mwana wanga wamkazi. Anamuuza kuti bambo ako sajomba, amakhala pampando womwewo, ndipo pa chala paja, ena akubisa nkhope, iwo amamwetulira. Pakangodutsa pamenepo amanyamuka n'kumapita kwawo.

Lamlungu anabwera onse: Wamkulu, mkazi wake, ndi Mzime. Mpongozi wangayo ndi namwino. Iye ndi malemu sankamwerana madzi. Ankapatsana moni ngati anthu ogulitsa katundu wofanana pa benchi imodzi.

"Bambo," anayamba Mzime, "mukudya?"

"Ndikudya."

"Tulo mukugona?"

"Ndikugona."

"Nanga chala chija chikukusangalatsani n'chiyani?"

Ndinayang'ana pawindo.

"Mukuona, achimwene? Munthu woti pa ukwati wanga sanaonetse ngakhale dzino limodzi."

"Bambo, kukhala nokha kukuonongani," anatero Wamkulu. "Kwathu chipinda chilipo. Tichotsamo makina osokera a mpongozi wanuyu, mulowemo inu. Muno tiikamo anthu a lendi."

Mpongozi ankayang'ana zikhadabo zake.

"Sindichoka," ndinatero.

"Ndiye tiuzeni chimene mumakaonako."

"Tiyeni mukaone nokha."

Ndinali nditaganiza kale. Akamuona mayi awo m'kanemamo, nyumba ndiisunga, koma iyeyo akhala wa aliyense. Akapanda kumuona, iye akhala wanga ndekha, koma ndikagona pamalo pa makina osokera. Kusankha ndinalephera, ndiye ndinawasiyira maso awo.

Tinapita masana omwewo. Wometa anatipeza pamzere wa matikiti n'kudziitana yekha. Anakhala pafupi ndi Wamkulu ndipo ankamuuza chilichonse chisanachitike. Kumbuyo kwathu kunali ophunzira awiri. Wina ankanong'ona kuti firijiyo ikuimira chikumbumtima cha munthu.

"Firiji ndi firiji, aise," anayankha mnzakeyo. "Sendeza mwendo."

Mzime anayamba kudandaula mwini nyumba asanafike n'komwe pansi pa masitepe. "Zoseketsa zake ndi ziti pamenepa? Munthutu wafa! Ali ndi ana ameneyu!"

"Alibe," anatero wometa. "Ali ndi mphaka. Muona."

Wamkulu anakhala atapinda manja, nkhope ngati ya dokotala woyeza wodwala, ndipo ankandiyang'ana ine kuposa kanemayo. Koma wapolisi uja ataimitsa magalimoto n'kuichitira firiji sawatcha, kanthu kanamutuluka m'mphuno. Anakasandutsa chifuwa.

Msewu wathu unaoneka. Wometa analoza chikwangwani chake. Firiji inatulidwa pansi.

Mkono utangotuluka, Mzime anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. "Mundiuze zikatha!"

Chala chinagwa. Wamkulu anagonja. Anapindika pakati, akumenya bondo la wometa, misozi ili chuchuchu. "Galu! Taonani galu!"

Mayi awo anafika kuseri kwa firiji, anaima. Kuchokera pamene ndinakhala, zinkaoneka ngati akuyang'ana mzere wathu: mwana wake mmodzi wabisa nkhope, wina akuthamangitsa galu ndi maso. Milomo inagwedera.

Ndinaseka. Osati kumwetulira ayi, kuseka kwenikweni, kokweza, mpaka wophunzira wa chikumbumtima uja anandigwira paphewa kufunsa ngati ndili bwino.

Titatuluka, dzuwa linali likadalipo. Tinaima pakhonde la holoyo, anthu akutidutsa, ena akutukwana amene anapanga kanemayo, ena akufunsana ngati mphaka uja anapeza womusamala.

"Mwamva nokha," anatero Mzime. "Aseka. Chala cha munthu chili m'kamwa mwa galu, bambo athu akuseka."

"Zoona, si zabwino," anavomera Wamkulu akupukuta m'maso.

"Inunso mumaseka!"

"Ine ndimaseka galu. N'zosiyana." Anatembenukira kwa ine. "Bambo, mulongedze zovala zokha. Zinazo tidzatenga pang'onopang'ono."

Ndinatsegula pakamwa. Mawu analipo, anayi kapena asanu, okwanira kuthetsa nkhani yonse. Ndinatsekanso.

"Bambo sachoka m'nyumba mwawo," anatero mpongozi.

Onse anamuyang'ana.

"Anthu osokonekera mutu ndimawaona tsiku ndi tsiku," anapitiriza. "Awa ali bwino kuposa inu nonse awiri. Mukawasamutsa ndiye muwadwalitsa."

"Eee, alamu," anatero Mzime, "tingonena kuti makina osokera apambana."

"Nenani zomwezo."

"Ndinadziwa ine. Chiyambire simunafune."

"Ndiye mwadziwa bwino. Kwanu kulibe chipinda?"

Mzime anayamba kufufuza kanthu m'chikwama chake. Wamkulu sakangana ndi mkazi wake pamsewu, ndipo kunyumba sapambana. Anakanda m'mutu, nati tionabe mmene zikhalire, mawu amene m'banja mwathu amatanthauza kuti nkhani yafa. Ananyamuka kukatenga galimoto, mlongo wake akumulondola ndi madandaulo.

Tinatsala awiri. Mpongozi ankayang'ana magalimoto odutsa.

"Ambulera yofiira ija ndinawagulira ndine," anatero.

"Ambulera?"

"Imene amayi anakoleka pamkono m'kanema muja. Anandiuza kuti mtundu wake ndi wa anthu ofuna kuonekera, ndiponso kuti anaipereka kwa mayi wosesa masitepe. Ndinalira nayo nkhani imeneyo, bambo. Lero ndikuiona ili pamkono, aikumbatira ngati khanda."

Maulendo onse aja ambulera sindinaione. Ine ndinkangoyang'ana nkhope.

"Muwauza?" ndinafunsa.

"Maso ali nawo."

Galimoto inatulukira pakona. Iye anakonza lamba wa chikwama paphewa.

"Lachinayi sindili pa ntchito," anatero, osandiyang'ana.

"Mm."

Lachinayi ndinamupeza ataima kale pamzere. Mtsikana wa matikiti anayang'ana ine, anayang'ana mpongozi, n'kutipatsa matikiti awiri. Tisanafike n'komwe pachitseko cha holo, foni inali kale kukhutu kwa mtsikanayo, akuimbira Mzime.