Sitima ya Loweruka, Ng'ombe za Lachitatu

A Fackson Mbewe anagwira ntchito ya njanji zaka makumi atatu ndi ziwiri. Anachoka ku Katete ali mnyamata, ndipo imvi zinawamerera ku Kafue akumanga mabawuti ndi kusintha mitanda yowola. Atapuma ntchito anatsala ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Nangongwe, ndi chizolowezi chimodzi chimene sichinawachoke. Munthu akangotchula ulendo, iwo ankayamba kuyerekeza mtengo wa sitima ndi wa basi, ngakhale asanafunsidwe.

Mwezi wa Novembala umenewo panyumba panali mlendo. Mwana wawo Melody anali atachira mwana wamkazi, ndipo mwamuna wake Choolwe, woyendetsa malole, anali kutali ndi katundu wa abwana ake. A Fackson anatumiza uthenga kwa amayi ake a Choolwe, kumudzi kufupi ndi Monze, kuti adzaone mdzukulu. Mayiwo anabwera. Anali amasiye, aatali, osalankhulalankhula. Onse ankawatchula Bina Choolwe, monga Atonga amatchulira mayi ndi dzina la mwana wake.

Mlendo woitanidwa sadzilipirira pobwerera. Sanenanso yekha tsiku lonyamuka, amadikira mwini nyumba amutsegulire njira. Pakati pa asewele ulemu umenewu umachita kuwirikiza. Choncho patatha milungu iwiri, Lamulungu masana, a Fackson anakokera mpando wawo pansi pa mtengo wa mango pamene azimayi anakhala pamphasa.

"Asewele, ulendo wanu ndauganizira," anatero. "Basi ya ku Monze ndi makwacha 180. Pamenepo asanaone katundu. Akaona matiresi amene akupatsani akazi angawa, anena zina. Sitima ndi 70 chabe. Mumatambasula miyendo, mumaimirira mukafuna, ndipo palibe kondakitala wokuikirani thumba la makala a munthu wina pamaondo."

"Sitimayo ikudutsa liti?" anafunsa akazi awo, a Felistus.

"Yopita kummwera, Loweruka."

"Lero ndi Lamulungu."

"Nanga asewele tikuwathamangitsa? Mphasa yatha?"

Bina Choolwe anaomba m'manja pang'onopang'ono, nathokoza m'Chitonga. "Twalumba, asewele. Zili bwino."

Lolemba m'mawa a Fackson anapatula makwacha 70 a sitima, nawaika m'thumba la jekete. Zotsala za ndalama ya ulendo anapita nazo kumsika. Anabwerako ndi nsomba zouma za ku Chanyanya zokulunga m'pepala, shuga ndi chitenje chatsopano, nayala zonsezo pamphasa patsogolo pa mlendo.

"Izi ndi zimene akanadya kondakitala," anatero. "Tsopano mudya ndinu."

Madzulo a tsiku lomwelo mitambo inadera cha kumtsinje. Mphepo inayamba ndi kuulutsa mapepala ndi fumbi, kenaka mvula inagwa, yoyamba ya chaka, yamadontho akuluakulu. Inagwa mpaka madzi anadzaza ngalande za mumsewu. Isanakate n'komwe, foni ya Bina Choolwe inalira. Analowa nayo kuchipinda kumene Melody ankayamwitsa mwana, nalankhula Chitonga motsitsa mawu.

Melody Chitonga ankachimva ndithu. Woimbayo anali a Jethro, alamu awo a Bina Choolwe, mwini ng'ombe ziwiri zolimira mabanja asanu ndi limodzi. Kumudzi nakonso mvula inali itagwa bwino. Ng'ombezo zinkayenda motsata mndandanda, banja lililonse tsiku lake, ndipo tsiku la Bina Choolwe linali Lachitatu. Kumeneko amadzala pambuyo pa pulawo: ng'ombe zikung'amba mzere, mwini munda akutsatira akuponya mbewu. A Jethro sankalima munda wopanda mwini wake. Mbewu nayo inali yokhomeredwa m'nyumba, ndipo kiyi anali pano, womangidwa pangodya ya chitenje. Wophonya tsiku lake ankadikira kuti ng'ombe zizungulire onse, zipume, zidzayambirenso.

"Mami, tiwauze adadi," anatero Melody foni itaduka. "Muyende chabe mailo, Lachiwiri, na basi."

"Iyayi, mwanangu. Atate ako anena kale. Agula nsomba, agula chitenje. Ndikawauze kuti zimene mwandikonzera sizikundikwanira?"

"Manje munda?"

"Munda ulipo. Usatsegule pakamwa."

Lachiwiri kunacha kozizira, dothi likununkhira. Bina Choolwe anasesa bwalo lonse, ngakhale panalibe chosesa. Anapinda zovala zawo, nazimanga mumtolo, kenaka anaumasula. Pa chakudya cha masana anayesako kamodzi.

"Kwathu mvula yagwa bwino, asewele."

"N'zokondweretsa," anayankha a Fackson akutsuka m'manja. "Ndipo musade nkhawa. Mvula ikagwa basi ndiyo imaterereka. Sitima ili pachitsulo."

"Anthu ayamba kudzala."

"Adzale ndithu. Chaka chatha anachedwa."

Melody anayang'ana m'mbale yake. A Felistus anayang'ana mlendo, kenaka mwana wawo, koma makasitomala a tomato anali akuitana pakathebulo kawo kunja kwa mpanda, ndipo anatuluka.

Melody anasunga mawu aja tsiku lathunthu. Lachitatu m'mamawa, akuthandiza amayi ake kukoleza mbaula, anaulula zonse.

Nthawi yomweyo a Fackson anali atatuluka ndi kapu ya madzi otsukira m'kamwa. Anapeza Bina Choolwe atanjuta pafupi ndi mpanda, pamene panali kadothi kosapondedwa. Mayiwo analowetsa chala m'nthaka mpaka chinabisika chonse. Anatapa dothi, nalifumbata, natambasula dzanja. Dothilo linagwirana osamwazika. Analiyang'ana kanthawi, kenaka analibwezera pamalo pake n'kusalaza ndi chikhatho.

"Bambo a Melody," a Felistus anaitana ali kuseri kwa nyumba. "Tabwerani kuno."

A Fackson anapita.

"Kodi inu munabadwira kuti?"

"Funso lanji limenelo m'mawa uno?"

"Ku Katete kapena pasiteshoni?"

"Nenani zimene mukufuna kunena."

A Felistus anafotokoza za ng'ombe, za mndandanda, za kiyi. Anafotokoza osakweza mawu, maso ali pambaula.

"Bwanji sananene?"

"Anene bwanji? Inu mukanakhala kwawo mukananena? Dzulo anakuuzani kawiri kuti anthu akudzala, inu n'kuwayankha za chitsulo."

"Anandiuza kamodzi."

"Kamodzi sikakwana kwa mwana wa mlimi?"

A Fackson anapisa m'thumba la jekete, natulutsa makwacha 70 aja, nawayang'ana.

"Zotsalazo zinapita ku nsomba," anatero.

"Ndikudziwa kumene zinapita. Nyumba yonse ikununkha."

A Felistus anamasula kathumba kamene ankamanga m'chiuno. Inali ndalama yokaodera tomato ku Shimabala tsiku lotsatira. Anapatulapo zokwanira, nawaikira amuna awo m'manja.

"Mupereke ndi dzanja lanu. Ndipo musatchule Melody, analetsedwa."

"Nanga tomato?"

"Tomato sathawa. Pitani."

A Fackson anazungulira nyumba pang'onopang'ono. Bina Choolwe anali ataimirira, akupukuta dzanja pachitenje. Bamboyo anavula chipewa.

"Asewele, mundikhululukire. Ndakhalitsa m'tauni. Mlimi sasungidwa m'nyumba mvula itagwa, ine ndinaiwala. Njira ndi yanu lero lomwe, ngati mungalole."

Mayiwo anawayang'ana, kenaka anayang'ana kukhomo kumene Melody anaima ndi mwana. Melody anathawitsa maso.

"Nanga sitima yanu?" anafunsa Bina Choolwe.

"Sitima idzanyamula ena."

Mtolo unamangidwa msanga. Bina Choolwe ananyamula mdzukulu, namunong'oneza mawu angapo a Chitonga, namubwezera kwa amake. Tiyi anamwa ataimirira. A Fackson anamangirira matiresi ndi nsomba panjinga, ndipo anayenda wapansi onse atatu mpaka kumsewu waukulu, a Felistus atasenza mtolo wa mlendo, akulambalala zithaphwi.

Pamsewu panaima basi yaing'ono yoyang'ana kummwera, chitseko chili chotsegula. Kondakitala, munthu wonenepa wovala kapu yofiira, anawathamangira.

"Mazabuka, Monze, Choma! Ba mudala, muli bangati?"

"Mmodzi. Amayi awa, ku Monze."

"180. Na matiresi iyi?"

"Ndi yawo."

"60."

"Matiresi salemera."

"Siilema, koma idya malo. Nizaiika kuti, pa mutu panga?"

"M'sitima akanaikweza popanda mawu."

"Manje ba mudala, sitima muiona apa?"

Azimayi awiri amene anali kale m'basimo anaseka. A Fackson anapereka 180, ndipo m'manja munalibenso kanthu. Anayang'ana akazi awo. A Felistus anapukusa mutu.

"Matiresi atsale," anatero Bina Choolwe. "Choolwe adzabwera nawo pa lole. Ine zaka zonsezi ndagona pamphasa."

Anakwera, nakhala pafupi ndi zenera, nsomba zili pamiyendo. Basi sinanyamuke. Munali mipando isanu yopanda anthu, ndipo dalaivala anali kutsidya kwa msewu akudya chimanga chootcha. Dzuwa linakwera. Kondakitala ankaitanira aliyense wodutsa, ngakhale opita kumsika ndi madengu. A Fackson anayang'ana wotchi yawo, nayang'ananso. Kenaka anayamba okha kuyenda m'mbali mwa msewu.

"Monze! Mazabuka! Malo alipo!"

"Onani ba mudala banilanda nchito," anatero kondakitala. "Mailo mubwele na kapu."

Mpando womaliza unadzaza cha m'ma naini. Bina Choolwe anatulutsa dzanja pazenera, a Felistus naligwira mpaka basi inayamba kuyenda. Awiriwo anabwerera ku Nangongwe akukankha njinga, matiresi akugwedera pambuyo.

Masana onse panyumba panali zii. A Fackson anakhala pansi pa mango akukonza unyolo wa njinga umene sunali wowonongeka. Dzuwa litatsala pang'ono kulowa foni ya Melody inalira. Analankhula nthawi yaitali, kenaka anatuluka ndi mwana paphewa.

"Bafika bwino," anatero.

"Ng'ombe?" anafunsa a Fackson.

"Ba Jethro banayembekeza mpaka dzuwa yakwela, bapeleka ng'ombe ku munda kwa bena. Koma mami pamene bafika banayenda kubapempha. Kutazizila babwela nazo. Balima ka munda kang'ono ka pafupi na nyumba, na mbeu yangena."

"Nanga munda waukulu?"

"Bakuti ng'ombe zikazungulila bonse. Kapena pakapita masabata yabili."

A Fackson anapukuta mafuta m'manja ndi kansanza.

"Milungu iwiri," anatero. "Chimanga chake chimakula ndithu, mvula ikapanda kudula msanga."

"Ikapanda kudula," anatero a Felistus ali pakhomo.

Mwana anayamba kulira, ndipo Melody analowa naye m'nyumba.