Dzanja la Rahila

Amuna anga, a Fidelis, amasula mipeni pa Benga, kuseri kwa chigayo. Chitsulo chake ndi masipuling'i a galimoto zakutha, chogwirira chake mlombwa. Sasula yokayala pamsika ayi. Munthu amabwera n'kunena ntchito yake, iwo n'kumuyeza chikhatho ngati telala. Ine ndimawanena kuti mkazi wawo wamkulu ndi mvukuto, ine ndinangobwera kudzaphika.

Rahila anabwera atangokwatiwa kumene kubanja lina la Chisilamu lowamba nsomba kunyanja. Ankafuna mpeni wong'ambira kampango. Mpeni wotere umanoledwa mbali imodzi yokha, kuti mbali inayo izitsata fupa la msana. Atamuuza kuti aonetse dzanja lomwe amagwirira ntchito, anatambasula lamanja, apongozi ake, mayi Maimuna, ataima pambali.

Sabata isanathe anabweranso, mayi Maimuna patsogolo, Rahila pambuyo, chala chitamangidwa kansanza.

"Mpeni wanji wosiya nsomba n'kukadya munthu?" anakalipa mayiwo. "Mwandipwetekera mwana. Ngati ntchito yakukanikani, bambo, kasuleni makasu."

Linali tsiku la msika, ndiye makutu anali osasowa. Pofika madzulo, ogulitsa nyama awiri anali atatumiza mawu kuti mipeni yawo ayambe aisiya kaye. Ndinachita mantha. Wosula alibe chikwangwani, chomwe amadyera ndi dzina lake basi.

M'mawa mwake bambowa anapalasa njinga kupita kunyanja. Atabwerako anakhala pachitsa nthawi yaitali osakoleza moto.

"Mpeni ulibe mlandu, mayi a Nester," anatero. "Mwana uja ndi wamanzere. Ndinaima patali n'kumaonerera. Apongozi akakhala pafupi amagwira ndi lamanja, movutikira. Akangopotoloka, mpeni wasamukira kumanzere, ndiye poti ndinanolera wamanja, umaterereka. Simunaone kuti chala chovulala n'chakumanja? Mpeni sucheka dzanja lomwe laugwira."

"Ndiye kanenenitu pomwe anakunyozerani paja, anthu amve."

"Nyumba ija chakudya chokonzedwa ndi manzere amachiyang'ana ndi diso lina. Ndikanena, langa dzina liyera, la mwana wa eni lida. Angoyamba kumene banja."

Ndinapsa mtima zedi. Ndinawafunsa ngati ana athu azidya chifundo chawocho, koma kulankhula ndi a Fidelis akatsimikiza kuli ngati kuthira madzi pamsana pa bakha. Anasula mpeni wina, n'kuunolera mbali inayo, ndipo sanalipiritse. Pomupatsa Rahila, apongozi ake ali pomwepo, anangoti, "Pepani mayi. Ndinasula ndisanakuoneni mukugwira ntchito. Kulakwa kwanga n'kumeneko."

Rahila anautembenuza mpeniwo, n'kuona mbali yomwe unanoledwa. Anawayang'ana kamodzi, misozi ili lengelenge, kenaka anaweramitsa mutu. Mayi Maimuna anangoti, "Bola mwavomera."

Zinatiwawa masiku otsatirawo. Ntchito inali yonola zikwanje ndi kuwotcherera ndowa. Ine pamsika ndinkayenda ndi chinsinsicho chili pakhosi, ndipo kangapo konse chinatsala pang'ono kutuluka. Amene amandidziwa akudziwa kuti kusunga pakamwa si mphatso yanga.

Tsiku lina ndinaona mayi Maimuna akubwera okha. Ndinamangiratu chitenje, n'kuti lero akayamba andipeza.

Anaodira, n'kukhala pabenchi. "Nsomba za mpongozi wanga masiku ano zikung'ambika bwino, pafupa osatsala kanthu," anatero. "Ndauona mpeniwo. Ndaonanso dzanja lomwe likuugwira."

A Fidelis anaika pansi chikwanje chomwe ankanola.

"Inu munadziwa, koma munalola kuti ndikunyozeni pagulu."

"Nkhani ya dzanja inali ya mwini dzanja, mayi. Yanga inali ya mpeni."

Mayi aja anatulutsa dzanja lamanzere m'nsalu yawo n'kuliika pathebulo. Zala ziwiri zinali zopindika pang'ono.

"Ili linamenyedwa ndi mthiko ndili mwana, mpaka linaphunzira kubisala. Ndakalamba ndikung'amba nsomba ndi dzanja lobwereka, ndipo ndikanamuzunza mwana uja chimodzimodzi. Kudya ndizidyabe ndi lamanja monga chipembedzo chathu chimanenera. Koma za mpeni, yezani ili."

Mkwiyo wonse womwe ndinausunga unangosungunuka, m'malo mwake ndinawamvera chisoni.

"Ndidzautenga tsiku la msika, anthu atadzaza," anawonjezera mayiwo. "Pakamwa pomwe panaononga ndi pomwe padzakonze."

Amuna anga anatenga kachingwe kawo koyezera, n'kuligwira dzanja lija ndi manja awiri, mwaulemu. Ine ndinakakhala pamvukuto n'kuyamba kukoleza moto, osadikira kutumidwa.