Malire Anali pa Chulu

A Goliati ankafuna chinthu chimodzi basi: malo aja alembedwe dzina la mwana wawo Millicent iwo asanatsikire kulichete. Akazi awo, a Stelia, anali atatisiya m'dzinja lomwelo. Kwawo ku Phalombe munda wa mayi umapita kwa mwana wamkazi, palibenso zokambirana. Koma kuno si ku Phalombe. Kuno ndi ku Mkanda, kumene anabwera ali anyamata kudzakhala tenanti pa esiteti ya malemu a Kwacha.

A Kwachawo anali munthu. Ataona kuti msana wa a Goliati wapindika ndi fodya wawo, anawadulira kachigawo kumapeto kwa esiteti, cha kudambo, n'kulemba kalata mboni zikuona. Tsopano mwana wawo Felix anali pafupi kugulitsa esiteti yonse kwa munthu wina wa ku Lilongwe.

Ndiye a Goliati anakulunga kalata ija m'jumbo, kabaza mpaka kumsewu, minibasi mpaka ku boma, ku ofesi ya zamalo. Anapezako mayi wina wa magalasi, waulemu wake ndithu.

"Agogo, pepala ili silingasinthidwe dzina."

"Bwanji? Lang'ambika penapake?"

"Ayi, lili bwinobwino, koma ndi kalata chabe. Mapepala a malo alipo angapo. Pali lizi, ya malo amene munthu wabwereka ku boma kwa zaka zakutizakuti. Imeneyo imasinthidwa dzina boma likavomera. Pali chiphaso cha malo a makolo, cha amene analembetsa minda yawo ya kumudzi. Palinso cha malo ochepa amene ndi a munthu mpaka kalekale."

"Langali lili gulu liti?"

"Silili paliponse."

"Mwana wanga, chala ichi n'changa. Dzanja ili n'la a Kwacha. Tinadya nkhuku tsiku limenelo, akumpingo analipo!"

"Sindikukana, agogo. Koma a Kwacha esiteti anaitenga pa lizi. Sakanadula n'kupatsa munthu boma osadziwa."

"Ha! Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikuthawitsa chiswe chinthu chopanda ntchito?"

Mayi uja anati njira ilipo imodzi: mwini lizi apemphe yekha kuti kachigawoko kadulidwe asanagulitse. Mwini lizi tsopano anali Felix.

Anakamupeza pa msika wa Kamwendo, m'shopu yake ya feteleza, foni ili kukhutu. Millicent anawaperekeza, mwana kumbuyo.

"Madala, za kalekalezo ine sindikuzidziwa," anatero Felix, maso ali kwina.

Millicent sanadikire bambo ake. "Iwe Felix, phala la mayi anga unkadya mamina ali chuchuchu. Lero bambo angawa sukuwadziwa?"

Anthu odzagula anaseka. Felix anatsitsa foni. "Chabwino, alongo, musandiyalutse. Zimene analemba bambo ndilemekeza. Koma zolembedwa zokhazo."

Tsiku loyeza linafika. Felix anabwera ndi woyeza malo, a Davie, amene anadzala makina ake a miyendo itatu pabwalo, n'kuwerenga kalata ija mokweza: "Kuyambira pa chulu, kutsetsereka mpaka pa bulugamu wamkulu, kukhota kukafika pa chigafa cha fodya." Anadzutsa mutu. "Chulu chili kuti, madala?"

A Goliati anayang'ana nyumba yawo. Chulu chija anachigumula kalekale n'kuumba njerwa, poti a Stelia anati atopa ndi nyumba yamatope ya matenanti. Ndipo dothi labwino kuno ulipeza kuti ngati si pa chulu?

"Chulu ndi nyumbayi."

"Chabwino. Bulugamu?"

Anayankha ndi Millicent, chapansipansi. Pa maliro a mayi mvula inali ya usiku ndi usana, anthu odzaza bwalo, nkhuni zitatha. Amuna anagwetsa mtengo uja, chitsa chomwe anazula n'kuwotcha makala.

"Nanga chigafa?"

"Chigafa chiti?" a Goliati anakalipa. "Chigafa chimakhalitsa? Chiswe chikadya timamanga china. Chinaima apa, chinaima apo, chinaimanso uko!"

"Ndiye ndiyeze mphepo?" anafunsa a Davie.

A Goliati anayamba kuyenda, ndodo ikuloza. Bulugamu anali apo, kuseri kwa nthochi, ndipo dimba lonse la a Stelia linali mkati. Felix anati ayi, iye akukumbukira mtengowo uli kumtunda kuno, ankakwerapo ali mwana. Aneba anabwera, aliyense ndi chala chake. Wina analoza kum'mawa, wina kumadzulo, wina anati mtengowo sunali bulugamu n'komwe.

"Inu nomwe munaotha motowo!" a Goliati anakuwa. "Mtengo munaudula ndinu, lero mwaiwala pamene unaima?"

Choona chake chinali chakuti wogula uja ankafuna madzi a kudambo, ndipo Felix sakanawataya. Anati nyumba, munda wakumtunda, mpaka pa dzenje pamene panali chulu, zimenezo apempha kuti zidulidwe m'dzina la Millicent. Dimba ayi.

"Mukapanda kugwirizana ine ndipinda makina," anatero a Davie. "Esiteti ikagulitsidwa yonse, mudzakambirana ndi mwini watsopano."

A Goliati anakhala pansi pakhonde, kalata ili m'manja. Kalatayi inkawapatsa malo onse, koma panalibe woimva. Pepala la malire atsopano limene a Davie anakonza linali la malo odulidwa mwendo, koma ndi limene boma likanalizindikira. Anatukwana chiswe, anatukwana mvula, anadandaula ndi a Kwacha amene analemba mitengo ngati mitengo siifa.

Millicent anagwada pambali pawo. "Bambo, ndikasowa pogona ndi anawa, mayi sakondwa kumene aliko. Dindani."

Anadinda, osamuyang'ana Felix.

A Davie atakhoma bikoni yomaliza yosonyeza malire, a Goliati anatenga khasu n'kutsetserekera kudimba.

"Madala, kumeneko tsopano si kwanu," Felix anaitana.

"Dothi n'lanu, tengani. Nthochi izi anadzala ndi mkazi wanga."

Anakumba ana a nthochi, mmodzimmodzi, akung'ung'udza, Millicent akututa pamutu kukweza nawo kumtunda. Dothi la kumtunda n'louma, nthochi sizilikonda. Anakumba maenje akuya kuseri kwa bafa, kumene madzi osambira amathera, n'kudzala pomwepo.