Masamba a Linnea, Ng'ombe za Bambo Ake

Linnea Torgerson sanali waulesi, ndipo womutchula choncho akanaona zakuda. Lolemba m'mawa anatsuka filiji yonse, n'kutaya tchizi amene anali atamera ndevu kuyambira pa Khrisimasi. Masana anachapa makatani amene palibe anawakhudzapo chilowereni m'nyumbamo. Chimene sanachite chinali chimodzi chokha: kulemba lipoti la kafukufuku wake wa kukokoloka kwa nthaka m'minda ya chimanga, masamba makumi awiri, limene Pulofesa Dombrowski ankalifuna Lachisanu pa 12 koloko masana. Ntchitoyi anapatsidwa mu Januwale. Tsopano unali mlungu womaliza wa Epulo, ndipo pa laputopu yake panali mutu, dzina lake, ndi deti limene ankalisintha mokhulupirika m'mawa uliwonse.

Popanda lipotilo, digiri panalibe. A Dombrowski anazinena zimenezi kamodzi kokha, ndipo sanali munthu wobwereza mawu.

Chimene chinkamudya mumtima Linnea sinali digiriyo kwenikweni, koma bambo ake. A Arlen Torgerson anali atalonjeza kudzakhalapo pa mwambo wolandira digiri, Loweruka lachiwiri la Meyi, 2 koloko masana. Kwa anthu ena ndi kaulendo chabe ka maola atatu pa galimoto. Koma a Arlen ankakama ng'ombe makumi asanu ndi limodzi kawiri pa tsiku, 5 koloko m'mawa ndi 5 koloko madzulo, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi sanaphonyepo. Ku ukwati wa mlongo wawo anachoka keke isanadulidwe. Tsiku limene anaika maliro a mayi ake a Linnea, madzulo ake anali m'khola. Ulendo uno anati apempha a Zastrow, a pa famu yoyandikana nayo, kuti adzawakamire madzulo amodzi okhawo. Linnea atamva zimenezo pa foni analira.

Lachiwiri anapita ku maphunziro a kagwiritsidwe ntchito kabwino ka nthawi, amene koleji inakonzera anthu a mtundu wake. Anafika mochedwa. Anabwerako ndi chipepala chachikulu, zolembera za mitundu isanu, ndi kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati dzira. Masana onse anagwada pansi kujambula ndandanda: malo obiriwira nthawi yolemba, achikasu nthawi yopuma, ofiira nthawi yowerenga zimene walemba. Pomaliza kujambula anapeza kuti ndandandayo yamusiya kale m'mbuyo ndi maola anayi, choncho anayamba ina.

Pakou Vang, mnzake wokhala naye nyumba, amene ankaphunzira za unamwino, analowa ali ndi yunifolomu yake n'kuima pakhomo.

"Amwali, tayamba sukulu ya mkaka muno?"

"Ndikukonza dongosolo. Mfulumira adadya gaga."

"Nanga Zengerezu adadya chiyani? Masamba angati lero?"

"Zonse zili m'mutumu, Pakou. Kwangotsala kuzitsitsa."

"Ndiye Lachisanu ukapereke mutuwo kwa a Dombrowski, akauchonge."

Lachitatu Linnea anayesa kawotchi kaja. Ku maphunziro anawauza kuti munthu azilemba mphindi makumi awiri ndi zisanu, kawotchi kakalira apume zisanu. Mbali yopumayo anaigwira msanga ndithu. Mbali yolembayo analemba chiganizo chimodzi, "Nthaka ndi yofunika kwambiri," anachiyang'ana, n'kuchita nacho manyazi, n'kuchifufuta. Kenaka anaphika mabisiketi, anasanja masokosi awiriawiri, ndipo cha m'ma 11 koloko anatuluka. Anabwerako tsaya litatupa, akuyankhula ngati wavwira mbatata yotentha.

Pakou, amene tsikulo sankapita ku chipatala, anasiya mbale yake ya mpunga.

"Iwe, wachokera kwa dokotala wa mano?"

Linnea anagwedeza mutu kuvomera.

"Dokotala yemwe uja wakhala ukumuthawa zaka ziwiri? Uja unati bola dzino likuphe?"

"Panali mpata lero."

Pakou anamuyang'ana nthawi yaitali, monga amayang'anira wodwala amene akunama kuti mankhwala wamwa. Kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Matenda ako ndawapeza. Iwe ntchito umagwira, koma pokhapokha ukuthawa ina yoopsa kuposa imeneyo. Wazulitsa dzino pothawa lipoti. Ndiye tikupezere chinthu choti uchithawe polemba lipoti. Bweretsa foni yako."

Anasaka nambala ya a Arlen, naika foniyo pa tebulo pambali pa laputopu.

"Aimbire bambo ako. Uwauze kuti asavutike, digiri kulibe, a Zastrow asadzabwere."

"Wapenga?"

"Si zoona kodi? Mmene zililimu Lachisanu ulibe chopereka. Bola adziwiretu. Sankha, amwali: foni kapena laputopu. Ukanyamuka pampandopo kukatsuka ngakhale supuni imodzi, ndiimba ndine, ndipo ine sindizungulira poyankhula."

Linnea anayang'ana foniyo. Bambo ake sakanakalipa, ankawadziwa. Akanangonena kuti, "Chabwino, mwanawe. Ng'ombe zikondwa." Mawu amenewo ankawaopa kuposa a Dombrowski ndi dokotala wa mano kuwaphatikiza pamodzi. Anakokera laputopu pafupi.

Chodabwitsa n'chakuti za m'mutu zija zinalimodi. Mtsikana amene anakula akuona mvula ikukokolola munda wa bambo ake kutsetserekera kumtsinje sakanasowa chonena za nthaka. Tsamba loyamba linatuluka movuta ngati mwana wa ng'ombe wobwera chammbuyo, koma lachiwiri ndi lachitatu anangotsatira. Zala zikangoima, Pakou ankakankha foni ija ndi chala chimodzi, osakweza n'komwe maso m'buku lake. Lachinayi popita ku chipatala Pakou anasiya lamulo lakuti tsamba lililonse likatha alijambule n'kumutumizira, apo ayi aimba ali komweko. Tsiku limenelo m'sinki munadzaza mbale, ndipo Linnea sanaziyang'ane.

Lachisanu, kutatsala mphindi khumi kuti 12 koloko ikwane, anadutsa pabwalo la koleji akuthamanga m'matope, mapepala atawakumbatira pachifuwa. Anawapeza a Dombrowski mu ofesi akudya sangweji. Iwo anapukuta zala, analandira lipotilo, naligwira ndi manja awiri.

"Likadali lotentha, Mayi Torgerson."

"Ndi makina osindikizirawo, a Pulofesa."

"Ndikudziwa. Chaka chilichonse ndimaotha manja Lachisanu ngati lino. Pitani, tikaonana pa mwambo."

Linnea anakhala pa masitepe a panja, ndipo kwa nthawi yoyamba mlungu umenewo anaigwira foni ija mosaopa.

"Bambo, ndapereka! Zatheka!"

"Wachita bwino, mwanawe. Ndimadziwa kuti iwe sungachedwe ndi ntchito."

Linnea anasintha nkhani msanga. "Nanga a Zastrow anati chiyani? Adzabwera nthawi yanji?"

Pa foniyo ankangomva wailesi ya kukhitchini kwa bambo ake ikunena za mtengo wa mkaka.

"Bambo?"

"Eee, a Zastrow aja... ndimati ndiwaone mawa."

"Mawa? Munanena mu Febuluwale kuti mukawapempha!"

"Ntchito yachuluka kuno. Ndapenta chitseko cha khola. Mpanda wa kumtsinje uja ndaukonza wonse. Dzulo ndinasanja misomali m'zitini, ikuluikulu payokha."

Linnea anaseka mpaka anthu odutsa anacheuka. Misomali! Koma bambo ake sanaseke nawo, ndipo chiseko chake chinathera panjira.

"Ndikawapempha avomera, mwanawe," anatero a Arlen pang'onopang'ono. "Vuto lake n'limenelo. Akavomera ndiye kuti ndipitadi. Ine ng'ombezi sindinazisiyirepo munthu. Ngakhale tsiku la amayi ako lija, n'zimene zinandiimika chilili. Ndiye 5 koloko idzakwane ine ndili pa msewu, nditavala jekete... sindikudziwa kuti manja angawa ndidzawaika pati."

Linnea anamva chisoni chachikulu, ndipo anawakonda bambo akewo kuposa kale lonse. Anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi.

"Bambo, makiyi a galimoto ali pati?"

"Ali pa msomali apa. Bwanji?"

"Atengeni. Foni musadule, iikeni m'thumba la malaya. Tipitira limodzi."

"Panopa? Anthu akudya nkhomaliro, si ulemu."

"Panopa, Bambo. Ine ndikufuna mudzandione nditavala mkanjo uja."

Kenaka Linnea anamva makiyi akulira, chitseko chikutsekeka, injini ikutsokomola kawiri isanalire. Anamva matayala pa miyala ya msewu umene ankaudziwa khona lililonse. Anakhala pa masitepe ozizirawo foni ili kukhutu kufikira galu wa a Zastrow atauwa. Injini inazima. Kunamveka mapazi olemera pa matabwa a khonde, kugogoda katatu, chitseko n'kutseguka. Ndipo anamva mawu a bambo ake, aang'ono kusiyana ndi mmene ankawadziwira.

"Pepani a Zastrow, ndakudulani chakudya. Mwana wanga akulandira digiri, ndiye ndabwera ndi pempho."