Bambo wa Mtayo

Mwana wa a Maclean anabadwa atafa Lachiwiri m'mawa. Pofika masana amayi anayi anali atamukulunga m'chitenje n'kukamuika kumanda, popanda bokosi, popanda nyimbo. Ndiwo mwambo wa mtayo: amuna sapitako, ndipo salira.

A Maclean ndi aphunzitsi, kwawo ndi ku Phalombe. Boma linawatumiza kuno ku Mzimba kopanda mbale ndi mmodzi yemwe. Ine ndimapala matabwa kuseri kwa msika. Tinadziwana m'gulu la abambo kutchalitchi, ndipo anali iwo okha amene sankaseka ndikamadodoma powerenga Baibulo.

Loweruka gulu litakumana, mpando wawo unali wopanda munthu. Ndinadikira kuti wina atchule. Anakambirana za malata a tchalitchi basi. Ndinaimirira.

"Abambo, kwa a Maclean tipita liti?"

A Zondwayo, apampando athu, anavula magalasi. "Mphwanga, aja si maliro. Amayi anamaliza kale. Mbwenu ife tikatani?"

"Ng'ombe yanu itafa ku Edingeni tinapita asanu ndi awiri kudzakupepesani. Mwana wa munthu wachepa kuposa ng'ombe?"

"Iwe Lloyd, mtima pansi. Sunakwatire. Mukalira mtayo, mayi sadzaberekanso."

"Ndiye pano tili m'tchalitchi kapena kwa sing'anga?"

"Uzipala mabenchi, mwana iwe," anatero a Cosmas. "Ulaliki usiyire eni ake."

Ena anaseka. Ndinatuluka pemphero lotsekera lisanachitike.

Kunyumba kwa a Maclean khonde linali lodzaza nsapato za amayi amene anabwera kudzaona a Perpetua, akazi awo. Eni nyumba ndinawapeza kuseri, atakhala pa njerwa, akuchonga makope a ana mumphepo ya Juni.

"Mwadya, achimwene?"

"Mbale amandiikira pawindo. Ngati mlonda." Sanakweze mutu. "Masiku asanu tsopano. Aliyense wobwera amandifunsa kuti, 'Amayi ali bwanji?' Ndimamulozera chitseko. Mawa kutchalitchi musandiyembekeze. Mwinanso mpaka kale."

Magazi anga anali akadali otentha. Ndinawakhuthulira zonse: za a Zondwayo, za ng'ombe, za Akhristu a jekete chabe. Ndinalankhula mpaka kummero kunauma.

"Achimwene," anandidula, "mwabwerera ine kapena a Zondwayo?"

Manyazi anandigwira. Ndinali chiimire pamwamba pawo ngati wapolisi. Ndinakhala pansi pa dothi, m'mene timakhalira pasiwa, n'kuvula chipewa.

"Pepani ndi maliro, achimwene."

Cholembera chinaima. Anayang'ana chimanga chouma cha kuseri kwa mpanda.

"Anali wamwamuna," anatero. "Sanandionetse. Anamwino akuti anali ndi tsitsi lambiri. Pamene amuika sindipadziwa, ndipo kufunsa akuti n'kulaula."

"Munali mutamukonzera dzina?"

"Kizito. Perpetua yekha ndiye ankadziwa."

"Pepani, bambo a Kizito."

Apo mapewa awo anayamba kugwedezeka. Analuma kolala ya malaya kuti mawu asatuluke. Nditayamba kupemphera anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Motsitsa. Angamve m'nyumbamo. Nanga zitakhala zoona, Perpetua osadzaberekanso?"

Yankho linali kale pakamwa panga, lakuthwa. Ndinalimeza. Ndinapemphera monong'ona ngati tikuba, amuna awiri kuseri kwa nyumba, m'katimo amayi akuimba mwaufulu.

Tinakhala choncho mpaka lole ya matabwa yochokera ku Chikangawa inadutsa n'kutithira fumbi. A Maclean anapukuta kumaso ndi chikhatho n'kutola makope awo.

"Mawa m'tchalitchi sindikalowa, Lloyd. Mtima sunafike."

"Ndamva."

"Koma mundidzere. Tikakhale panja, pansi pa mtengo paja. Nyimbo zimamveka."

"Ndifika belu loyamba lisanalire."

"Ndipo a Zondwayo akadutsa, musakayambane nawo."

Chimenecho sindinalonjeze.