Menyani Kwambiri, Malume

Mumsewu wa okhoma zidebe, a Nyundo ndiwo ankadzutsa tambala. Nyundo imene inawapatsa dzinayo ndi yomwenso inaphunzitsa mwana wa mlongo wawo, mtsikana uja ankamutcha Kamphuno, mpaka anapeza ntchito m'chinyumba chagalasi chimene chinamera kuseri kwa msewuwo.

M'chinyumbamo ankasungamo kompyuta ya kwantamu. Kamphuno ankati chinthucho chimagona pozizira kuposa mufiriji, chimatha kunena inde ndi ayi nthawi imodzi, ndipo pansi pakangonjenjemera chimaiwala zonse.

"Ndiye apongozi anga enieni amenewo," anatero a Nyundo. "Nanga ife tidyapo chiyani?"

"Mankhwala atsopano, malume. Dikirani muone."

Tsiku lina mtsikanayo anabwera ndi azibambo awiri a nsapato zonyezimira, naika kabokosi pansi, pafupi ndi chitsulo chokhomerapo.

"Awa akufuna aone mphamvu zanu. Menyani kwambiri, malume."

Munthu wamkulu ukamutama pamaso pa alendo, nzeru zimathawira m'chipewa. A Nyundo anavula malaya, mimba pamtunda, n'kulikwapula lata mpaka galu wa wowotcherera zitsulo anathawa. Anaitananso anzawo onse, akuti tisamuchititse manyazi mwana. Msewu wonse unalira. Alendo ankayang'ana kabokosi n'kumagwedeza mitu, a Nyundo n'kumati akusirira.

Posakhalitsa kunabwera omanga mpanda. Anati kabokosi kaja kachitira umboni: kugunda kwa nyundo kukudwalitsa makina, choncho okhoma onse asamukire kuseri kwa dzala, kumene makasitomala ndi ntchentche zokha.

Anzawo sanawatukwane. Wowotcherera uja anangoti, "Munamenya bwino, achimwene," n'kusenza katundu wake.

A Nyundo anakamudikira Kamphuno pageti la chinyumba chija. Mlonda sanawalole ngakhale kutsamira khoma. Mwanayo atatuluka anaima mkati mwa geti, kakhadi kantchito kali lende pakhosi.

"Iwe mwana, unkaidziwa ntchito ya kabokosi kaja?"

"Inde, malume... komanso ayi. Si nkhani yophweka."

"Wayamba kuyankha ngati makina ako."

"Akanandichotsa ntchito."

"Ndiye unasankha yochotsa."

Kamphuno anatulutsa dzanja pakati pa zitsulo za geti. A Nyundo analiyang'ana dzanjalo, losalala ngati la khanda, koma sanaligwire. Anapanira nyundo yawo m'khwapa, n'kumapita monyang'ama ngati wakuba, kuopa kudzutsa apongozi.